Wonyamula Miyendo Itatu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi
pamene Ermengol Coromina anandibwereka kwa mayi
monga munthu abwerekera makwerero.
Bulu wake anali atafa m'chisanu chomwecho.
Ine ndinalowa m'malo mwa buluyo.

Tinkanyamuka ku Olot tambala asanayeretse kukhosi,
iye patsogolo ndi bokosi la utoto,
ine pambuyo, miyendo itatu ya kamera
ikundigogoda mu akakolo njira yonse,
mpaka paphiri lomwe kale linkasanza moto
koma lero m'kamwa mwake mwamera msipu
ndi katchalitchi kopanda wansembe.

Kumeneko tinkadikira.
Ntchito yake yaikulu inali imeneyo.
Nkhungu ikavuuka mumtsinje wa Fluvià
n'kuyamba kukwawa m'minda,
ankabisa mutu m'nsalu yakuda ngati fulu wonyanyala
n'kunena kuti, Quirze, usapume.
Ndinkaleka kupuma.
Ng'ombe zokha sizinkamumvera.

Kamera ndiyo inkatidyetsa:
maukwati, makanda obatizidwa,
anyamata opita ku usilikali atavala majekete obwereka.
Utoto sunagulepo ngakhale buledi mmodzi.
Akazi ake, Assumpta, ankazinena zimenezi
Loweruka lililonse, akuwerenga makobidi patebulo.

Usiku, m'kachipinda ka nyali yofiira,
momwe mankhwala ankatiyabwa m'mphuno,
dziko linkatuluka chagada pagalasi:
thambo lili bii, khwangwala ali mbee.
Akaliona kamodzi, ankalitsekera m'bokosi.
M'mawa ankatenga burashi osalitsegulanso.
Galasi silinama, ankatero,
koma silidziwa kuti tsikulo tinazizidwa zala.

Panali msondodzi pafupi ndi mlatho
umene mwini munda anaudula ine ndisanabadwe.
Coromina ankaujambulabe chaka ndi chaka,
ndipo unkakula.
Mwini mundayo anabwera n'chipewa m'manja:
Mtengo umenewo ndinauwotha kalekale.
Munawotha wanu, anayankha, uwu ndi wanga.

Chaka chomwe nkhondo inatipeza,
bomba linaswa mawindo onse a mumsewu wathu.
Assumpta anatsegula mabokosi aja osapempha,
n'kutseka mphepo ndi magalasi a mwamuna wake.
Chisanu chonse dzuwa linkalowa m'khitchini
kudzera pankhope za akwatibwi,
kudzera m'mayunifolomu a anyamata osabwerera,
likuwanyambita pang'onopang'ono
mpaka magalasi anangotsala magalasi.
Mkuluyo sanayankhule.
Anangotembenuza mpando wake kuyang'ana kukhoma.

Maso ake atachita ng'ala
ndinasanduka bulu wa mtundu wina.
Phiri la Canigó lavala chiyani lero?
Ndikati zoyera, ankamenya ndodo pansi:
Kuyera kwa mkaka, kwa fupa, kapena kwa nsalu ya maliro?
Zaka makumi atatu uli nane, sunaphunzire kupenya?
Ndinkasankha fupa kuti andisiye.
Iye n'kusakaniza utoto ndi chala,
kuununkhiza, kuupaka pamene akuganiza kuti pali phiri.
Nthawi zina ankaphonya chinsalu
n'kujambula pachitseko cha kabati.
Sindinamuuzepo.

Dzulo mdzukulu wanga wanditengera
kunyumba yoonetserako zithunzi.
Azipachika m'mafelemu agolide,
zomwe zija zinalephera kugula buledi.
Msondodzi uli pomwepo, wakula kuposa mlatho.
Pakona pali chithunzi chimodzi cha kamera
chomwe chinapulumuka mawindo:
munda, nkhungu, ng'ombe ya mitu iwiri
chifukwa inatembenuka,
ndi kachidima kena m'mphepete, ngati utsi.
Mtsikana wolondolera alendo anati
akatswiri akuganiza kuti galasi linawonongeka pamenepo.

Ndinafuna kukweza dzanja.
Sikuwonongeka kumeneko, mwanawe.
Panali chisanu, ndinali ndi chimfine,
anati usapume
ndipo ndinayetsemula.