Kuseri kwa Kalendala

Mwezi wa Epulo, ligi isanayambe,
ndinatembenuza kalendala ya kampani ya fetereza
m'shopu yanga yometera pa Dwangwa
n'kulemba mayina a agoloboyi asanu ndi awiri,
katswiri pamwamba, wotsalira pansi.
Ndinalemba ndi bolopeni yofiira
ngati mphunzitsi amene mayankho ali nawo kale m'thumba.

Lero ligi yatha. Magetsi azima.
Makina ometera angoti duu pa tebulo,
ndiye ndatsitsa pepala lija
kuti lindimete ine.

Woyamba: Fanuwelo wa ku Matiki.
Wamtali ngati mlongoti wa foni,
zikhatho ngati malichero.
Ndinkati mpira ukamuona uzibwerera wokha.
Sabata yachitatu anamuika pa shifiti ya usiku kufakitale.
Lamlungu lililonse ankafika pagolo
maso ali psuu, akuyasamula,
ndipo m'mphechepeche mwake
mpira unapita kawiri, katatu, mpaka tinaleka kuwerenga.
Pepala langa silinkadziwa za shifiti.

Wachiwiri: Twaibu. Apa ndinalasa.
Mumve, inu ondiseka pa benchi panjapo,
Twaibu anatheradi pa nambala yachiwiri.
Koma ndisaname:
ndinamuika pamenepo chifukwa bambo ake amameta kuno
ndipo sanena kuti ndilipira mawa.

Wachitatu anakwera basi ya ku Joni ligi ili pakati,
magolovesi n'kusiyira mlamu wake.
Wachinayi anathyoka chala,
osati pa mpira ayi,
pomangirira mtolo wa nzimbe pa njinga.
Awiri otsatirawo ndinawasemphanitsa,
palibe anazindikira, ngakhale eni ake.

Tsono pansi penipeni,
pomwe inki inayamba kukana,
pali dzina ili: Ledisoni wa ku Kasasa.
Pambali pake ndinaonjezera mawu awiri:
wamfupi, wamantha.
Ndinali nditamuonapo kamodzi kokha,
tsiku lamvula, atavala nsapato zobwereka,
akuterereka ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene.
Sindinkadziwa kuti m'mawa uliwonse
mlongo wake Esinati amamugenda ndi mapapaya osapsa
kuseri kwa chigayo
mpaka aphunzire kusatsinzina.
Sindinkadziwa kuti sayang'ana mpira,
amayang'ana phazi loponda pansi la womenya.

Mapenate asanu wagwira chaka chino.
Yomaliza ndinalipo, kumbuyo kwa golo,
fumbi la Okutobala lili m'mano.
Anadziponya kumanzere
mpira usanaganize n'komwe kopita.
Bwalo lonse linaphulika.
Ine ndinaomba m'manja mochedwerapo,
ngati munthu wokumana ndi mwini ngongole pa ukwati.

Tiwerengetsere bwino:
mwa asanu ndi awiri ndinalasa mmodzi,
mmodziyonso chifukwa cha tsitsi la bambo ake.
Nkhuku yojompha mayina pa mphasa
ikanandiposa.

Dzulo Ledisoni anabwera kudzameta.
Anakhala pa mpando, ndinamukulunga nsalu m'khosi,
ndipo m'galasi, kumbuyo kwa khutu lake,
munali kalendala ija, zilembo zitatembenuka.
Anawerenga. Ndinaona milomo ikuyenda
kuyambira pamwamba, pang'onopang'ono, mpaka pansi.
Ndinadikira, makina akulira m'dzanja langa.
Anangoti, "M'mbalimu muchepetse kwambiri, abwana."
Analipira. Chenje anasiya.

Kalendala yatsopano yafika kale,
ya ogulitsa mankhwala a tizilombo ta m'munda,
kuseri kwake n'koyera mbee.
Mkazi wanga akuti ndizilembapo za ngongole za makasitomala,
zimenezo ndiye sizisintha chaka chonse.
Ndavomera.

Koma ndamva kuti ku Nkhunga kuli kamnyamata ka Fomu Thuu
kamene kamagwira mpira ngati kakutola dzira,
ndipo akuti Fanuwelo amubwezera shifiti ya masana.
Magetsi sanayakebe. Kasitomala palibe.
Ndalemba kale mayina awiri pamwamba,
koma ulendo uno ndi pensulo.