Moni kwa Wokweza Mwala

Ndaziona watumiza chithunzi pa foni.
Waima pakhomo la tchalitchi, majekete awiri pathupi,
wachepa ngati chiswe patsinde pa chulu.
Akuti, Ababa, onani komwe ndimapemphera kuno,
ndi Angilikani yomweyo,
koma iyi yatha zaka mazana asanu ndi limodzi ili chiimire.

Ine ndakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri,
osati pankhope pake, andikhululukire mwana,
koma pamzere pomwe mwala wakumana ndi mwala.
Maso a mmisiri alibe ulemu.

Matope ake ndi opyapyala ngati chikhadabo.
Khoma lili ndi nthiti kunja
zolichirikiza kuti lisagwe chagada,
ndipo pamwamba pa chitseko miyala yapindika,
yakumana nsonga ngati manja a wopempha.
Amene anaimika izi sankathamangira malipiro a Loweruka.

Ndamufunsa, anamanga ndani?
Akuti pakhoma pali dzina la bishopu
ndi la mwinichuma wina
amene anagona momwemo, pansi pomwe anthu amaponda.
Ndati ayi mwanawe, ndikunena wokweza mwala,
uja ankadya chamasana ali pansanja, miyendo ili lende.
Wakhala chete.
Kenako netiweki yathawa.

Lero ndalawira kuchoka ku Chinamwali,
nkhungu isanachoke paphiri,
kukaona kathu ka njerwa zofiira,
kamene ndere zakaveka malaya kumbali ya mthunzi.
Chaka chija mvula inang'amba khoma lakumpoto
ndine ndinalisoka, ine ndi malemu Chikaonda.
Tikugumula, njerwa ina inatuluka ndi chidindo cha chala chachikulu,
chozama, cha munthu amene anainyamula isanaume.
Ndinaikamo changa. Chinakwana.
Sitinayankhule, Chikaonda anangovula chipewa.

Pa mwala wa pakhomo dzina lakelo palibe.
Mwina anali wa kutsidya kwa Likangala,
mwina ankagwirira msonkho,
mwina sanalowemo n'komwe litatha denga.
Njerwayo ndinaibwezera, chala chikuyang'ana m'kati,
kuti naye azimvako nyimbo.

Tsono Ndaziona, Lamulungu likudzali
anthu akamatuluka, iwe utsalire.
Upite kuseri kwa chipilala, kumene kuwala kwa magalasi sikufika,
upapase ndi dzanja, magolovesi utavula.
Pamakhala kenakake, kamtanda kokanda, kamzere kokhota.
Ukakapeza usajambule.
Ungonena kuti Mbalule wa ku Zomba, womanga mnzanu,
waona ntchito, akuti zikomo,
khoma lili bwino.