Nambala ya Kutsogolo

Ku Oulu kuno, mu Januwale,
dzuwa limangosuzumira n'kubwerera kukagona.
M'kachipinda ka majekete ndi nsapato zoyendera pa chipale
muli kompyuta yakale yong'ung'udza usiku wonse.
Mafilimu a banja lathu amakhala mmenemo.
Sitilipira munthu.
Pulogalamu yake analemba anthu amene sindidziwa nkhope zawo,
amalemba akaweruka kuntchito, ana atagona,
wina ku Plovdiv, wina sindikudziwa kuti.

Dzina lake lili ndi mchira wa nambala zitatu: 3.9.14.
Mlongo wanga Tuulikki ndiye anandiphunzitsa kawerengedwe kake.
Yakumapetoyo ndi chigamba, anatero,
asoka pong'ambika iwe osadziwa n'komwe.
Yapakati ndi chipinda chowonjezera,
khomo lako ulipeza pomwe unalisiya.
Koma yakutsogolo ikasuntha
ndiye kuti agwetsa khoma, akumba ndi maziko omwe,
kiyi wako wakale ukaponye m'nyanja.

Zaka zisanu ndi chimodzi 3 uja ali phee.
Eni ake ankakangana.
Ena ankati tasintha zambiri, tikweze nambala, tisanamize anthu.
Ena ankati nambala sinyamula katundu,
bola chinthu chikuyenda.
Ine ndinkangodina, zigamba n'kumabwera,
9.11, 9.12, ngati masiku a pakalendala.

Lachiwiri lapitali kwafika 4.0.0.
Mazilo awiri, oyera ngati mbale zosadyerapo.
Ndawerenga zosintha zonse nditaima, khofi akuzizira:
liwiro, zithunzi zowala, mawu a pansi osachedwanso.
Mzere wa khumi ndi chisanu ndi chiwiri ndi umene unandikhazika pansi.
Pamene aliyense analekezera kuonera
sipadzasamuka nawo.
Mukakwera, kubwerera kulibe.

Sananame. Anakweza nambala kuti ndidziwe.
Ndikuwathokoza, ndipo ndakwiya nawo.

Bambo anga, a Aulis,
anali kuonera filimu ya amuna oyandamitsa mitengo pamtsinje,
ntchito ya bambo awo.
Anaimitsa pa mphindi 47, masekondi 12,
anati maso atopa, ndimaliza mawa.
Mawa lake tinali kuchipatala.
Papita zaka ziwiri.
Pansi pa chithunzicho pali kamzere kobiriwira
kongopitirira pang'ono theka,
ndipo ndikatsegula dzina lawo
makina amafunsabe mwaulemu: mupitiriza?

M'nyumba muno palibenso china chimene chikuwadikira.
Malaya tinapereka. Galu anazolowera.

Tuulikki pafoni akuti usachite zachibwana,
yakaleyo asiya kuisoka,
ili ndi chiboo, akuba alowerapo,
manda a bambo ali ku Intiö, si m'kabati.
Ndikudziwa.
Ndinamuuza kuti ndikudziwa.

Usiku wa Lachisanu ndakopera zonse pa disiki ina,
kawiri, poopa dzanja langa.
Ndadula kapepala komata, ndalemba ndi pensulo
47:12
n'kumata pambali pa kompyuta, pamene pamafunda.
Kenako ndadina.

Zinatenga mphindi makumi anayi.
Panja galimoto yokankha chipale inadutsa kawiri.
Itadzuka inali yokongola, sindikana,
mabatani asamukira kumanzere,
mayina athu onse alipo,
koma pansi pa zithunzi mbee,
ngati palibe anaonerapo kanthu chibadwire.

Ndalowa pa dzina la bambo.
Ndakoka kadontho pang'onopang'ono mpaka pamalo pake.
Mnyamata wa chipewa waima pa mtengo woyandama,
mwendo umodzi uli m'mwamba,
sanagwe, sanaponde.
Ndaimitsa.

Kamzere kabwerera, tsopano n'kofiirira.
Deti lake ndi la lero, ndi dzanja langa,
zimenezo ndikudziwa ndekha.
Mmawa uno kwabwera kale 4.0.1,
akuti asoka penapake.