Nsapato za pa Ngabu

Masabata atatu a holide ndatola thonje
m'munda wa a Fulukiya, tsidya la Nyakamba,
makoko akundibaya zala,
dzuwa likunditsata pamsana ngati ndili nalo ngongole.
Lero malipiro ali m'thumba la kabudula.
Ndawamanga ndi mphira, ndawamanganso,
dzanja silikuchokapo.

Ndalama za amayi zimadziwa kale kopita:
mchere, sopo, kuchigayo, chenji ubweze.
Zangazi sizidziwa njira.
Zikufunsa ine.

Pamsika aliyense ndi m'bale wanga lero.
Wa malamba akunditcha bwana,
wa magalasi akuti nkhope yanga ndi ya m'tauni.
Zuze akuti gula jezi ya mpira.
Tchale akuti ayi, memori yodzaza nyimbo,
foni tizibwereka ya achimwene ake.
M'matumba mwawo muli mphepo yokhayokha
koma malangizo adzaza dengu.

Sakudziwa za chaka chatha.
Ndinagula timawaya tomvera nyimbo m'makutu,
tofiira, m'kapepala konyezimira.
Khutu lamanzere linafa Lachiwiri,
lamanja linapirira mpaka Lachisanu.
Nditabwerera, wogulitsa anati sanandionepo chibadwire.
Ndinakatikwirira kuseri kwa khola la mbuzi
osauza munthu.

Pansi pa mtengo wa nimu
a Bonjesi ayala kaunjika wawo pasaka.
Zilipo.
Zoyera, za mzere wobiriwira m'mbali,
zomwe ndakhala ndikuvala kutulo chiyambire mwezi uno.
Ndapinda soli kuti ndione ngati iseka.
Ndakanda ulusi ndi chikhadabo,
ndanunkhiza mkati
monga achitira azakhali posankha mlamba wowamba.

"Naini sauzande, mphwanga."

Achemwali anandiuza:
chinthu ukachikonda usachionetse mano.
Ndazibweza pamulu, ndatembenuka,
mtima ukugunda m'khosi.
Phazi loyamba. Lachiwiri.
Bwanji akapanda kundiitana?
Lachitatu. Lachinayi.
"Iwe, tabwera. Uli ndi zingati?"

Ndavala. Zandikwana ndendende,
ngati anandiyeza ndili mtulo.
Ndendende lero.
Koma phazi ili silinamve kuti ndalama zikuvuta,
likukula usiku ngati dzungu la kudimba.
Za Khirisimasi ija akuvala kale mng'ono wanga.

Pambali pali zakuda, zolemera,
zosokedwa kawiri, zopanda mzere uliwonse.
Kutsogolo kwatsala malo a zala ziwiri.

Apo Nsayi akudutsa ndi beseni la masawu pamutu.
Wayang'ana mapazi anga,
phazi lina loyera, lina lakuda,
wamwetulira osanena kuti nditenge ziti.
Mwina amaseka china.

Ndayang'ana msewu wopita kwathu,
fumbi lake lomwe limafiiritsa ngakhale mbuzi yoyera.
Ndakumbukira matope a Januwale
omwe amavula munthu nsapato n'kuimeza.
Ndawerenga miyezi mpaka mayeso a Sitandade eyiti.
Ndawerenganso, mwina ichepa.

"Mangani zakudazo."

Zuze wagwira pakamwa:
"Aise, za abusa zimenezo!"
Tchale waseka mpaka kutsamira njinga ya eni.
A Bonjesi anyowetsa chala, awerenga,
andibwezera mahandiredi atatu ofewa ngati masamba a fodya.
Ndagula mafilizesi atatu a malambe,
pakuti wokuseka uli naye pafupi ndi mnzako ndithu.

Potuluka ndacheuka kamodzi.
Mnyamata wina, mwana wa a sitolo,
walowetsa kale phazi m'zoyera zija
osapinda soli, osafunsa mtengo.

Ndabwerera pansi, nsapato zili m'manja,
zisadye fumbi tsiku loyamba.
Amayi azitembenuza, azigogoda pakhonde,
afunsa mtengo, ndachotsako pang'ono.
Angoti, "Mmm."
Kwa amayi amenewo ndi mawu ambiri.

Madzulo ndatola thonje lotsalira m'thumba la kabudula,
ndalifinyira kutsogolo kwa nsapato,
lidikire zala zanga kumeneko.
Thonje lagula, thonje lakwaniritsa.
Ndayenda kuchoka pakhomo kufika pamjigo, ndabwerera.
Sizikuvuka.

Koma usiku, kutulo,
ndinavalabe zoyera.