Jekete Yobwereka

Anafika atatu pakhonde langa pa Chitakale,
ana asukulu, matope mpaka m'akakolo.
"Atelala, mutilumikizireko mkono wa jeketeyi,
Loweruka tili ndi sewero."
Nditaitembenuza ndinapeza ulusi wanga womwe,
wobiriwira,
umene ndinasokera ndisanamere imvi.

Sewerolo ndi lakale kuposa makina angawa.
Ifenso tinalipeza.
Mnyamata wopanda ndi tambala yomwe
abwereka jekete, nsapato ndi wotchi yakufa,
napita kukafunsira mbeta
kwa mkulu wina woyeza anthu poyang'ana kuphazi.
Nkhani yonse ndi yomweyo.

Ndinawauza anawo ndikuluma ulusi:
adzaseke ndani zimenezi lero?
Anthu ali ndi mafoni,
nthabwala zimawapeza ali chigonere.

Loweruka kunagwa chiperoni.
Phiri linabisala, malata a holo akudontha,
koma anthu thithithi,
othyola tiyi, akabaza, amayi ananazi apamsewu,
mpando wakutsogolo akulu a ku esiteti.
Ine ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko,
pamene telala amaona bwino misana ya anthu.

Fanuwelo analowa, jekete ikumufika m'mawondo.
Atamufunsa nthawi, anayang'ana wotchi,
kenako anasuzumira dzuwa pawindo.
Holo inaphulika.

Woseka kwambiri anali a Likaka,
mpaka kupukuta misozi ndi tayi.
Suti imene anavalayo ndinasoka ndine.
Mwezi wachisanu uno,
"mawa, atelala, mawa."
Pambali pawo mnyamata wa kwa Nampuluma
ankajambula ndi foni, mapewa akugwedezeka,
yemwe uja amaima pa galimoto za alendo okwera phiri
dzanja pachitseko, kiyi wa njinga m'manja,
kuti a ku Joni aone kuti zinthu zikuyenda.

Ndinaseka nawo, ndisaname.
Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira.
Ndinkawerenga angongole anga mmodzimmodzi
ngati mabatani a malaya.

Kenako kunalowa mkulu uja,
kamtsikana kodzola ufa m'mutu, pilo pamimba,
kakuyenda chotsimphina.
Kanawerama, kanayang'ana nsapato za mkamwini,
kanati, "Uyu ndiye munthu."

Pakamwa panga panauma.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo
anabwera awiri kudzafuna Esinati wanga.
Woyamba anali wothyola tiyi,
zala zakuda ndi utomoni, patapata womanga ndi waya.
Sindinamupatse ndi mpando womwe.
Wachiwiri anaimika galimoto yoyera pansi pa mpeyala,
ndipo ine, amene ndimadziwa msoko wabodza ndili patali,
amene ndimazindikira kaunjika atamusita chotani,
ndinati, uyu ndiye munthu.
Galimoto inali ya abwana ake.
Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka:
lero Esinati ali kuseri kwa nyumba yanga ndi ana awiri,
amandithandiza kupinda mipendero.
Wa patapata uja ndi kapitawo tsopano.
Akamadutsa amandipatsa moni
ndi manja awiri.

Pabwalo mwini jekete anatulukira,
mwini nsapato pambuyo pake,
anamuvula mkamwini chimodzichimodzi
mpaka anatsala ndi kabudula wazigamba.
Anthu anagwa m'mipando.
A Likaka anaimirira kuwomba m'manja,
msoko wa kukhwapa n'kuti phwaa.
Sindinaseke.
Ndinkayang'ana kankhalamba ka ufa kaja
kataima pakona, kakukanda m'mutu,
ufa ukugwera pansi.
Amene analemba seweroli anafa kalekale
osandiona,
koma miyezo yanga anaitenga yonse,
khosi, chifuwa, m'chiuno.

Lolemba anawo anabweza jekete kuti ndiisunge.
Mkono wathothokanso.
"Chaka chamawa, atelala."
Ndaikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko.
Esinati anaiyang'ana, anandiyang'ana ine,
anatenga singano
osanena kanthu.