Mapazi Athu pa Chipale

Chikwangwani chinati IKUGULITSIDWA,
ife tinawerenga kuti LOWANI.
Ndi mmene amawerengera maso a munthu wa lendi
atatopa ndi zaka zisanu ndi zinayi pansi pa denga la eni.

Linali Lamulungu ku Duluth, mphepo ikuluma makutu.
Mayi Pruitt, ejenti wathu, anali atanena kale:
Lachitatu masana, osati lero.
Tobias anati, "Tingoona chabe, Renata. Maso saba."
Tinaimika galimoto kutsidya kwa msewu.

Kageti ka kumbali kanali komanga ndi waya.
Anamasula ndine.
Ndiyambe ndavomera zimenezo,
chifukwa pambuyo pake lilime linafuna kunena
kuti tinakapeza kotsegula.

Kuseri kunali mtengo wa maapozi wopanda tsamba,
mpando wachitsulo wadzimbiri,
ndi chipale chofewa chosapondedwa
chimene tinachilemba ndi nsapato zathu,
phazi ndi phazi, ngati anthu osainira mlandu wawo womwe.
Tobias anagogoda khoma kuti amve ngati matabwa anafumbwa.
Sitepe yachitatu ya khonde inalira, n'kuthyoka,
bondo lake n'kumenya simenti.
Anatukwana motsitsa mawu, ngati tili m'tchalitchi.
Ine ndinali nditamata kale chipumi pa galasi la khitchini,
ndikuyeza zenera ndi zala:
makatani achikasu apa,
tebulo la homuweki ya Milo apo,
firiji tidzaisuntha.

Kenako nkhope inandiyang'ana kuchokera mkati.

Nkhalamba ya juzi yaubweya, kapu kudzanja ili,
dzanja linalo likunjenjemera pa foni.
Palibe anakuwa.
Pakati pathu panali galasi lokha
ndi nthunzi ya mpweya wanga ikuzimirira pang'onopang'ono.

Zithunzi zotsatsira zija zinaonetsa zipinda zopanda kanthu.
Palibe chinanena kuti Bambo Lindqvist
akugonabe m'kachipinda ka kumpoto
mpaka mwezi utatha, ana awo adzawatengere
kunyumba yosungirako okalamba.

Wapolisi Vang anafika osaliza sailini.
Anayang'ana waya, anayang'ana sitepe,
anatsata ndi maso mzere wa mapazi mpaka pamene tinaima.
"Chikwangwani chikuitana ndalama zanu, osati miyendo yanu.
Musanasaine, bwalo lino ndi la mwini.
Za bondolo, musafunse kuti alipira ndani.
Ndipo muthokoze kuti awa anagwira foni.
Ena poona mthunzi pa zenera amathamangira ku kabati,
ndipo m'kabatimo simukhala mbale."
Analemba maina athu m'kabuku,
n'kufunsa mwini nyumba ngati akufuna nkhaniyi ipite patsogolo.

Mkuluyo anaima pakhomo atavala masokosi okha.
Sanayang'ane Tobias. Anayang'ana ine.
"Solveig ankaima pomwepo," anatero,
"manja atadzaza maapozi, akugogoda galasi ndi chigongono
kuti ndimutsegulire.
Zaka zitatu tsopano palibe waimapo.
Nditaona mutu pa zenera ndinayesa..."
Anameza mawu otsalawo.
"Asiyeni azipita. Koma amange geti langa."

Ndinamanga. Zala zitauma ndi chisanu,
ndinazunguliza wayayo katatu, kanayi,
kuposa mmene ndinamupezera.

M'galimoto sitinayatse wailesi.
Tobias anagwira bondo, ine chiwongolero,
aliyense ndi chake chomupweteka.

Lachitatu Mayi Pruitt anaimba mokondwa:
"Kiyi ndili naye, mwini wavomera, bwerani!"
Ndinati Tobias akutsimphina, sitikwanitsa.
Sindinaname, koma sindinanene zonse.
Ndikanalowa bwanji pa khomo lakumaso,
n'kupukuta nsapato mwaulemu,
n'kumanamizira kudabwa ndi khitchini
imene ndinaipachika kale makatani
mwini wake tiyi ali m'manja?

Usiku womwewo chipale chinagwanso.
Ndikhulupirira chinafafaniza mapazi athu kuseri kuja.
M'kabuku ka Vang chipale sichigwa.
Nyumba tikufunabe. Masiku ano ndikaona chikwangwani
ndimaima pa msewu, manja m'matumba,
n'kuyamba ndayang'ana ngati pa chumuni pakutuluka utsi.