Singano ya Geji

Okutobala wa ku Chipata sapempha mpando.
Anakhala pa malata a famase ya amai Njobvu ku Kapata,
mankhwala m'mashelefu akuchita thukuta,
ine pa makwerero, sipanala kukamwa,
a Mshanga pansi akuwongola paipi ya kopa
mosamala ngati wogwira mwendo wothyoka.

Makina awiri, ena m'nyumba, ena panja,
khoma pakati pawo ngati pa chipongozi.
Yathu ntchito inali kuwalankhulitsa
kudzera m'mitsempha iwiri, waung'ono ndi waukulu.

Ndinakuza milomo ya mapaipi, ndinamanga manati,
ndinati, Tatha, titsegule gasi.
A Mshanga sanandiyang'ane n'komwe.
Anagubuduza botolo la naitirojeni,
nalumikiza geji ndi michira yake itatu.
Singano inakwera, inakwera, inaima.
Anasolola pensulo kukhutu, nalemba nambala pakhoma.
Tsopano tidikire, Zelipa.

Tinadya vitumbuwa pansi pa mtengo wa mango.
Anjinga ankadutsa, wina ndi makala, wina ndi mzimayi wa ambulera,
wina ndi bedi lathunthu kulowera ku Mchini.
Pobwerera tinapeza singano itatsika
pang'ono chabe, ngati chikope cha munthu wonama.

Sopo wotsukira mbale, madzi a m'chigubu.
Ndinapaka thovu pa nati iliyonse.
Yoyamba, zii.
Yachiwiri, zii.
Yachitatu, imene ndinamanga ndikuimba mluzu,
inayamba kutupa timaso ta chule,
kamodzi, kamodzi, kutchula dzina langa.
Pamlomo pa paipi panali kamng'alu
kowonda kuposa tsitsi.
Dula. Pala. Kuza. Manga.
Sanandikalipire.
Bwenzi zili bwino akanandikalipira.

Kenako pampu yokoka mpweya.
Amai Njobvu anaima pakhomo, manja m'chiuno:
Ndakuitanani kuti muikemo kuzizira,
nanga mukuchotsa chiyani m'paipi yopanda kanthu?
A Mshanga anati, Muli chinyezi, amai,
mpweya wa m'mawa uja, ndi wa m'kamwa mwathu.
Dontho limodzi likatsalira
lidzadya makina anu m'kati ngati nankafumbwe,
chaka chamawa mudzanditukwana pamsika.

Pampu inalira, mawu ake akunka nachepa,
ndipo magetsi anathima.
Malodi.
Kapata yense anausa moyo nthawi imodzi.
Ndinalumphira valavu, koma ndinachedwa.
Tinabwereka jenereta kwa wometa tsitsi
pa mtengo wa malita awiri a petulo
ndi lonjezo lokamuonera firiji Loweruka.
Tinayambiranso.

Mithunzi ya mapiri itafika pamsewu
tinatseka valavu, tinazimitsa pampu,
tinazungulira geji ngati olondera wodwala.
Mphindi khumi. Khumi ndi zisanu.
Singano sinaphethire.
Sindinkadziwa kuti kupanda kanthu
kumadya thukuta lochuluka chotere.

Paipi yathu inatalika kuposa ya m'buku,
choncho botolo la gasi linakwera pasikelo
ngati khanda la kuchipatala,
magalamu owerenga, osati a mtima wabwino.
A Mshanga anandiponyera kiyi wamakona:
Tsegula ndiwe.
Ndinamva kamluzu kakafupi,
gasi akuthamanga m'njira imene tinamusesera tsiku lonse.

Magetsi anabwera limodzi ndi mdima.
M'katimo amai Njobvu anatseka mawindo,
naima pansi pa makina, maso ali chitsinzinire,
duku ili m'manja.
Ine ndinatsala panja popinda michira ya geji.
Kutentha konse kwa m'famase
kunkatulukira pa miyendo yanga.
Ndinagwira paipi yaikulu ija, inali itachita mame.

Nambala ya pensulo ikadali pakhoma paja.
Ndikamadutsa pa njinga ndimaiyang'ana,
kenako ndimayang'ana nati yachitatu.